Jockey walangidwa koma hatchi yake yapambanabe, si katangale ayi

Pafupifupi sabata iliyonse pamapezeka wina wondifunsa funso lomwelomweli, ena mpaka mokalipa: "Ngati jockey (wokwera hatchi pa mpikisano) uja amuimitsa masiku anayi chifukwa cha careless riding (kukwera mosasamala), nanga bwanji hatchi yake sanailande nambala wani? Si katangale ameneyu?" Ndakhala zaka zambiri mchipinda cha ma steward, oweruza a mipikisano ya mahatchi, kumene timabwereza kanema wa mpikisano kasanu kakhumi tisanaweruze, ndipo kunena zoona funsoli landitopetsa, chifukwa ofunsawo maso awo amakhala pa tikiti yomwe anabetcha pomwe ife timakhala tikuyang'ana miyendo ya mahatchi.

Milandu imakhala iwiri ndipo siiyendera limodzi. Wina ndi wa hatchi: kodi yomwe yasokonezedwayo ikanamaliza patsogolo pa inzakeyo chikhala kuti sinatsekerezedwe? Ku Britain, Australia, Hong Kong, ndi ku France kuyambira 2018, ngati yankho ndi loti ayi, zotsatira sizisintha olo kusokonezako kuoneke konyansa bwanji pa TV. Ku America nkosiyana, nchifukwa chake mu mpikisano wa Kentucky Derby wa 2019 hatchi yotchedwa Maximum Security inafika yoyamba koma anaitsitsa nkupatsa Country House, jockey wa Maximum Security yo, Luis Saez, nkuimitsidwa masiku 15 a mpikisano. Mlandu winawo ndi wa munthu amene wagwira zingwe, ndipo apa sitifunsa kuti wapambana ndani. Mu Melbourne Cup ya 2015 Frankie Dettori anamaliza wachiwiri pa Max Dynamite, hatchiyo malo ake inasunga, koma iye anaimitsidwa mwezi wathunthu kuphatikizapo chindapusa cha madola 20,000 a ku Australia. Palibe chobisika pamenepo, malamulo anagwira ntchito mmene analembedwera.

Nde careless riding yo nchiyani kwenikweni? Nthawi zambiri si nkhanza, ndi kudula kutsogolo kwa mnzako usanamupitirire mokwanira, kapena hatchi yako ikupendekera mbali imodzi iwe nkumangoikwapulabe mmalo moika chikwapu pansi nkuiwongola. Ku Australia muyezo womwe ma steward amagwiritsa ntchito ndi woti usanalowe mnjira ya mnzako ukhale utamusiya ndi utali wa mahatchi awiri, ndiye kuti mamita asanu kapena kuchepera pang'ono. Anthu amaona ngati ndi malo ambiri. Hatchi yolemera makilo pafupifupi 500 ikamathamanga makilomita 60 pa ola imadutsa mamita 16 pa sekondi imodzi, mamita asanu aja amatha musanaphethire nkomwe. Mpata ukachepa, chiboda chakutsogolo cha hatchi yambuyo chimakola mwendo wakumbuyo wa yomwe ili patsogolo, hatchi imagwa chamutu, ndipo munthu wa makilo 50 ndi pang'ono amaponyedwa pansi pomwe mahatchi ena khumi akubwera pambuyo pake osatha kuima.

Nkhani ya Freddy Tylicki imandivutabe mpaka lero ngakhale sindinali nawo pa mlanduwo. Pa 31 October 2016 pa bwalo la Kempton ku England, iye anali pa hatchi yotchedwa Nellie Deen, analowa mkati chakumpanda, Graham Gibbons yemwe anali pa Madame Butterfly anabwerera chakumpandako pokhota, mpata unatsekeka, Tylicki anagwa nkuthyoka msana. Mpaka pano amayenda pa njinga ya olumala. Tsiku limenelo ma steward anati inali ngozi chabe, palibe analangidwa. Patatha zaka zisanu, mu December 2021, khoti lalikulu ku London linagamula kuti Gibbons anakwera mosalabadira moyo wa mnzake, ndipo nthawi yonse yomwe khoti linkaunikayo inali masekondi anayi okha. Ndimaiganizira nkhaniyi nthawi zonse ndikakhala kutsogolo kwa kanema, chifukwa ndikudziwa mmene zimakhalira mchipinda muja: mpikisano wina ukuyamba pakangotha mphindi 30, wovulalayo ali mu ambulansi sangafotokoze mbali yake, ma jockey otsalawo safuna kunenerana chifukwa mawa akhala limodzi mchipinda chovalira. Nkosavuta kulemba kuti "ngozi" nkupitiriza. Ine ndinasiya kufulumira kulemba mawu amenewo.

Nchifukwa chake zimandipweteka anthu akamati "palibe wagwa, amulangiranji mwanayo?" Abale anga, tikamadikira kuti wina agwe kaye ndiye tilange, tachedwa kale. Kudula komwe lero kwangopangitsa mnzake kukoka zingwe ndi komweko komwe mawa kuthyole munthu khosi, kusiyana kwake ndi mwayi basi. Poyeza chilango timaona kukula kwa kusasamalako, mmene mnzakeyo wasokonezekera, mbiri ya jockey yo miyezi yapitayi, kwina amaonanso ngati wavomera kulakwa msanga. Masiku awiri kapena atatu akuoneka ochepa kwa inu, koma jockey amalipidwa akakwera, ndipo hatchi yomwe wakwera wina iwe uli pa chilango ikapambana, kawirikawiri mwini wake sakuitananso. Wochita dala ndiye mlandu wake ndi wina, si careless nso. Christophe Soumillon atamugunda Rossa Ryan ndi chigongono mpaka kugwa pa hatchi pa bwalo la Saint-Cloud ku France mu September 2022, anaimitsidwa masiku 60 ndipo ntchito yake kwa Aga Khan, mwini mahatchi amene ankamukwerera, inathera pomwepo.

Tsono pali anthu awa amene akudyerapo pa kusadziwa kwanu. Amatenga kakanema ka masekondi asanu kojambulidwa chammbali, nkukaponya pa WhatsApp kapena Telegram ati onani umboni woti mipikisano amaikonzeratu, tumizani ndalama tikupatseni hatchi yopambana mawa. Kanema wa chammbali saonetsa mpata wa pakati pa mahatchi, ife timadalira kwambiri kamera yoyang'ana mahatchi akubwera chamaso ndi ina yowaona kumbuyo, ndipo malipoti a ma steward mabungwe ngati British Horseracing Authority ndi Hong Kong Jockey Club amawaika pa intaneti kwaulere, mutha kuwerenga nokha. Munthu wokugulitsani "fixed race" ndi wakuba, musamutumizire kanthu.

Oopsa kuposa amenewa ndi alangizi a mmakona amene amauza ana ophunzira kukwera kuti jockey weniweni amadzitsegulira yekha njira, chilango ndi msonkho chabe. Ndinaonapo mnyamata wina waluso ndithu atabwera mchipinda mwathu kachitatu mwezi umodzi, mlandu womwewo, ndipo titamuonetsa kanema anadabwa yekha kuti sanacheuke nkamodzi komwe asanadule. Palibe anali atakhala naye pansi kumuonetsa chiyambire. Komanso jockey akagwa nkumenyetsa mutu, asamvere omuuza kuti bisa, dokotala akuletsa kukwera. Mutu wogwedezeka umachedwetsa maso ndi manja, ndipo mawa lake munthu ameneyo ndi amene amadzadula kutsogolo kwa mnzake akuganiza kuti mpata ulipo. Akaonane ndi dokotala wa pabwalo tsiku lomwelo, asanavule nsapato nkomwe.