Mabuku asanu ndi awiri amene sali m'Baibulo la mnzako

Mkangano uwu ndinaumva koyamba pa siwa, usiku wa maliro a azakhali anga. Amayi anali m'nyumba, ife abambo tili panja kuzungulira moto. Mphunzitsi wa Chikatolika anaimirira nawerenga m'buku la Luntha mutu 3, pamene akuti mizimu ya anthu olungama ili m'manja mwa Mulungu ndipo mazunzo sadzaikhudza. Pafupi nane panakhala mkulu wampingo wa CCAP, bambo wodziwa malemba kwambiri. Anatsegula Buku Lopatulika lake, lachikuto chothothoka m'mbali, nayamba kupenda masamba ndi tochi ya foni. Anadutsa Miyambo, Mlaliki, Nyimbo ya Solomo, nafika pa Yesaya. Luntha osalipeza. Mapemphero atatha ananong'oneza mphunzitsi uja kuti, "Achimwene, mabuku amenewa munachita kuwonjezera inu." Winayo anayankha mofatsa kuti, "Iyayi bambo, ndinu amene munachotsa."

Onse awiri anali anthu oona mtima, ndipo aliyense anali ndi kachigawo ka choonadi. Chipangano Chakale cha Achiprotestanti chili ndi mabuku 39, cha Akatolika 46. Otsalawo ndi Tobiti, Yuditi, Luntha, Sira, Baruki ndi mabuku awiri a Amakabeo, kuphatikizapo ndime zina zoonjezera m'mabuku a Estere ndi Danieli. Kusiyana kumeneku sikunayambe ndi Martin Luther monga ambiri amaganizira. Kunayamba Yesu asanabadwe.

Ayuda amagawa malemba awo patatu: Chilamulo, Aneneri ndi Zolemba. Yesu mwini akutchula magawo ofanana ndi amenewa pa Luka 24:44, pamene akunena za chilamulo cha Mose, aneneri ndi masalimo. Ayuda amawerenga mabuku 24 okha, koma ndi omwewo 39 a m'Buku Lopatulika, kungoti Samueli, Mafumu ndi Mbiri sawagawa pawiri, Ezara ndi Nehemiya amawayesa buku limodzi, ndipo aneneri aang'ono khumi ndi awiri onse amalowa mu mpukutu umodzi. Nkhani zake ndi zimene tinakulira nazo ku Sande sukulu: chilengedwe, pangano la Abrahamu, kutuluka mu Igupto, mafumu osamvera, ukapolo wa ku Babulo ndi lonjezo lakuti otsala adzabwerera kwawo.

Koma si Ayuda onse amene anabwerera. Ambiri anakhazikika m'maiko ena, ndipo mzinda wa Alexandria ku Egypt unali ndi Ayuda ochuluka amene ana awo ankalankhula Chigriki, Chiheberi chikuwathawa pakamwa. Aliyense amene ali ndi adzukulu obadwira ku Joni kapena ku Leeds akudziwa momwe zimenezi zimachitikira. Choncho m'masiku a mfumu Ptolemy II, zaka zoposa 250 Yesu asanabadwe, mabuku asanu a Mose anamasuliridwa m'Chigriki. Nthano yakale imati omasulirawo analipo 72, n'chifukwa chake ntchitoyi imatchedwa Septuagint, dzina lochokera ku mawu a Chilatini otanthauza 70, poyandikiza chiwerengero chimenecho. Mabuku ena anatsatira pang'onopang'ono, ndipo pamodzi nawo panayendanso mabuku atsopano amene Ayuda analemba m'zaka zimenezo, ena m'Chiheberi kapena Chiaramu, ena m'Chigriki momwemo.

Mpingo woyamba utafalikira kwa anthu a mitundu ina, Baibulo lake linali la Chigrikili. Olemba Chipangano Chatsopano nthawi zambiri akamagwira mawu a aneneri amatsata Septuagint. Pa Yesaya 7:14 Chiheberi chili ndi mawu otanthauza mtsikana wachichepere, pamene Chigriki chinaika mawu otanthauza namwali wosadziwa mwamuna, ndipo Mateyu anatenga a Chigrikiwo polemba za kubadwa kwa Yesu. Aphunzitsi achiyuda, makamaka Kachisi atagwetsedwa ndi Aroma m'chaka cha 70, anagwiritsitsa mabuku awo 24 a Chiheberi. Akhristu anapitiriza kukopera mabuku a Chigriki aja, Tobiti ndi Luntha ali momwemo. Misewu iwiri inapatukana pamenepo.

Amene anaona vutoli ndi maso ake anali Jerome, wansembe wodziwa malemba ndi ziyankhulo. Papa Damasus anamupempha m'chaka cha 382 kuti akonze Baibulo la Chilatini, ndipo pambuyo pake Jerome anakakhala ku Betelehemu nayamba kumasulira Chipangano Chakale kuchokera ku Chiheberi chenicheni. Ataona kuti mabuku ena mulibe m'mipukutu ya Ayuda, anati amenewo ndi oyenera kuwerengedwa mumpingo kuti alimbikitse anthu, koma osati kumangirapo chiphunzitso. Augustine, bishopu wa ku Hippo, komwe lero ndi Annaba ku Algeria, sanagwirizane naye. Kwa iye chimene mipingo yakhala ikuwerenga kuyambira kale ndicho chinali ndi mphamvu, ndipo misonkhano ya mabishopu ya ku Hippo mu 393 ndi ku Carthage mu 397 inavomereza mndandanda wautaliwo. Ndimakonda kukumbutsa anthu kuti mkangano umenewu mbali yake yaikulu unaweruzidwira pa nthaka ya Africa.

M'makalata a anthu awiriwa muli kankhani kena kamene kamandigwira mtima. Augustine anauza Jerome kuti mu mzinda wa Oea, umene lero ndi Tripoli ku Libya, bishopu wina anawerengetsa buku la Yona m'kumasulira kwatsopano kwa Jerome. Atafika pa chomera chimene chinachitira Yona mthunzi, chimene ife timachidziwa kuti msatsi, anthu anamva dzina lachilendo. Iwo anazolowera kumva kuti chinali chomera cha mtundu wa mphonda, koma Jerome anaika dzina la chomera china choyanga. Mpingo unachita phokoso lalikulu, mpaka bishopuyo anabweza mawu akale poopa kutsala yekha m'tchalitchi. Anthu amenewo sanali opusa. Mawu amene munthu anawamva ali pamsana pa amayi ake sawalola kuti asinthidwe mwachisawawa. Ngati dzina la chomera linabweretsa chipwirikiti chotere, nanga mabuku athunthu?

Kwa zaka zoposa 1,000 mabuku asanu ndi awiri aja anakhalabe m'Baibulo la Chilatini, ngakhale akatswiri ena ankakumbukira chenjezo la Jerome. Nkhani inapsa pamene funso la kupempherera akufa linabuka. Pa 2 Amakabeo 12, Yudasi Makabeo, mtsogoleri wa asilikali achiyuda, akusonkhetsa ndalama natumiza ku Yerusalemu kuti apereke nsembe chifukwa cha asilikali ake amene anafa atachimwa. Pa mtsutso wa ku Leipzig mu 1519, Johann Eck, katswiri wa Chikatolika, anagwira ndime imeneyi poikira kumbuyo chiphunzitso cha purigatorio, ndipo Luther anayankha kuti bukulo silili m'gulu la malemba otsimikizira chiphunzitso. Komabe m'Baibulo lake la Chijeremani la 1534 sanawataye mabukuwa. Anawaika paokha pakati pa Chipangano Chakale ndi Chatsopano, nalemba kuti salingana ndi Malemba Oyera koma ndi abwino ndi othandiza kuwerenga. Akatolika anayankha pa msonkhano wa ku Trent, pa 8 April 1546, kuti mabuku onsewo ndi Malemba mokwanira. Ngakhale Baibulo la King James la 1611 linatuluka nawo mabukuwa ali pakati.

Nanga anachoka liti? Apa ndi pamene nkhaniyi ikutikhudza ife. Chivomerezo cha Westminster, chimene Apresibiteriyani a ku Scotland anachilandira mu 1647, chinanena mosabisa kuti mabukuwa alibe ulamuliro mumpingo. Kenaka mabungwe a Baibulo a ku Edinburgh ndi Glasgow anakangana kwambiri ndi British and Foreign Bible Society pa nkhani yogwiritsa ntchito zopereka za Akhristu kusindikizira mabuku amenewa, ndipo mu 1826 bungwelo linagamula kuti silidzaperekanso ndalama ku Baibulo lililonse lokhala nawo. Amishoni a Livingstonia, Blantyre ndi Nkhoma atafika kuno, Baibulo limene ankalidziwa linali la mabuku 66. Buku Lopatulika, limene ntchito yake inatsogozedwa ndi William Murray wa mishoni ya Dutch Reformed, linatuluka mu 1922 lili choncho. Akatolika anatulutsa lawo lathunthu, Malembo Oyera, mu 1966, la mabuku 73. Mkulu wampingo uja sanachotse kanthu, ndipo mphunzitsi uja sanaonjezere kanthu. Aliyense analandira chimene anapatsidwa. Abale athu a mpingo wa Orthodox ku Ethiopia amawerenga mabuku 81, kuphatikizapo la Enoki, limene kalata ya Yuda imaligwira mawu pa vesi 14.

Mfundo ina imene inkanenedwa kale, yakuti mabukuwa sanalembedwepo m'Chiheberi, inafooka pamene masamba a Chiheberi a buku la Sira anapezeka mu 1896, ochokera m'chipinda chosungiramo zolemba zakale cha sunagoge ku Cairo. Pakati pa mipukutu ya m'mapanga a Qumran pafupi ndi Nyanja Yakufa, imene inayamba kupezeka mu 1947, panatulukanso zidutswa za Tobiti m'Chiaramu ndi m'Chiheberi. Zimenezi sizinathetse mkangano, pakuti funso lenileni ndi lakuti ndani ali ndi mphamvu yotseka mndandanda, Ayuda amene anasunga malembawo kapena mpingo umene unawawerenga. Buku Loyera, limene Akatolika ndi Achiprotestanti anamasulira pamodzi ndi kulitulutsa mu 1998, limapezeka m'mitundu iwiri, lina lili ndi mabuku aja, lina lopanda.

Ine ndinakulira pa Buku Lopatulika, ndipo sindichita manyazi kunena kuti ndinataya zambiri posawerenga mabuku enawo msanga. Popanda Amakabeo munthu sudziwa chiyambi cha phwando la kukonzanso Kachisi limene Yesu anapitako pa Yohane 10:22, lokumbukira chaka cha 164 Yesu asanabadwe, pamene Ayuda anayeretsa Kachisi amene mfumu Antiochus IV inamudetsa. Sumvetsanso bwino Ahebri 11:35, za anthu amene anazunzidwa nakana kumasulidwa poyembekezera kuuka kwabwino, kufikira utawerenga za mayi uja wa pa 2 Amakabeo 7 amene anaona ana ake asanu ndi awiri akuphedwa tsiku limodzi chifukwa chokana kudya nkhumba.

Buku la Tobiti ndinaliwerenga patapita sabata maliro aja atatha, m'Baibulo lobwereka kwa mphunzitsi yemwe uja. Limasimba za Mwisraele wokhala mu ukapolo ku Nineve, amene ankatola mitembo ya anthu a mtundu wake yotayidwa kunja kwa linga naikwirira mobisa, mpaka mfumu inamulanda katundu wake yense. Tsiku lina chakudya chaphwando chili pa tebulo, anamva kuti pamsika pagona mtembo, ndipo anadzuka osalawa kanthu. Ndikuwerenga, m'maso mwanga munkabwera adzukulu a kumudzi kwathu, amene analawira mbandakucha ndi makasu kukakumba manda a azakhali m'dothi louma la mwezi wa October.