Kuulutsa Tindege M'nyengo Yotentha: Musaiwale Thupi Lanu

Munthu akamaulutsa kandege, kaya ka mapiko kaya droni, maso amakhala kumwamba. Amaiwala kuti waima padzuwa, pabwalo lopanda mthunzi, poti makalabu amasankha dala malo opanda mitengo yokola tindege. Mu Okutobala ndi Novembala, pamene ku Nsanje ndi ku Chikwawa kumatentha kupitirira madigiri 40, kuiwala kumeneku kumagwetsa anthu. Achinyamata ophunzira za madroni ku Lilongwe, ngakhalenso abale athu a m'makalabu a ku Johannesburg, uthengawu ndi wanu.

Thupi limachenjeza lisanagonje. Mutu umawawa, kenako chizungulire, nseru, thukuta losaleka ndi kukokana kwa minofu ya m'miyendo. Kandege kakayamba kukuvutani kuwongolera kunja kulibe mphepo, musathamangire kudzudzula rimoti, mwina ndinu amene mwafooka. Katsitseni msanga. Khalani pamthunzi, masulani zovala, dzithireni madzi, ndipo imwani madzi kapena Thanzi ORS. Pakatha mphindi 30 osapeza bwino, pitani kuchipatala.

Choopsa zedi ndi pamene mnzanu wayamba kuyankhula zosamveka, kudzandira, kukomoka kapena kuphupha, thupi lili moto. Apa kutentha kwafika pokhudza ubongo ndipo munthu angathe kufa. Mthireni madzi ozizira thupi lonse, mukupizeni mphepo, muthamangire naye kuchipatala uku mukumuziziritsabe. Wokomoka musamumwetse kanthu. Panado sangatsitse kutentha kotereku, musataye naye nthawi. N'chifukwa chake sitifuna munthu aziulutsa yekha: woima pambali aziyang'ana kandege, komanso nkhope ya mwini kandegeyo.

Ulutsani m'mamawa kapena chakumadzulo. Imwani madzi ludzu lisanakupezeni, mowa usiyeni kaye. Valani chipewa cha khonde ndi magalasi otchinga dzuwa, ndipo kandege kakalowera kudzuwa musakalondole ndi maso. Mafuta oteteza khungu a SPF 30 kapena kuposa (nambala yosonyeza mphamvu ya mafutawo potchinga dzuwa) adzoledwe maola awiri aliwonse, osaiwala makutu ndi khosi. Kwa anzathu achialubino izi si zosankha ayi, pamodzi ndi malaya a manja aatali.

Mabatire a LiPo, amene amayendetsa tindege tambiri, nawo sagwirizana ndi kutentha. Musawasiye m'galimoto yotseka. Batire lotupa lisagwiritsidwenso ntchito. Tchajani pasimenti, kutali ndi udzu wouma, mutakhala pomwepo ndi ndowa ya mchenga. Likayaka, utsi wake ndi wapoizoni, choncho imani kumene mphepo ikuchokera.

Pulopela, chopukusa chozungulira chimene chimaulutsa kandege, imadula chala ngati mpeni. Yatsani rimoti kaye, batire mulumikize pomaliza, ndipo kandege kakatera mulichotse musanakanyamule. Wina akatemeka, psinjani bala ndi nsalu yoyera kwa mphindi 10 osasuzumira, dzanja lili m'mwamba. Bala lakuya likufunika kuchipatala, ndipo mukafunse za katemera wa kafumbata.