Za mpeni wa sapphire powokera tsitsi pa dazi

Sabata yatha bambo ena ochokera ku Joni anandionetsa kavidiyo pa foni, amvekere adokotala, ku Istanbul, ku Turkey, akubzala tsitsi ndi mpeni wa sapphire, nde dazi langali litha eti? Funsoli landipeza kangapo kuno ku Mangochi nde ndati ndilongosole.

Opaleshoniyi amaitchula FUE ndipo ili ngati kuwokera mbande za tomato. Amazula timizu ta tsitsi kunkhongo, komwe dazi silifikako kawirikawiri, ndi kachitsulo kozungulira ka milimita 1 kapena kuchepera apo, kamuzu kalikonse kamakhala ndi tsitsi 1 mpaka 4, kenako amaboola timaenje pa dazi paja n'kuwokeramo. Sapphire ntchito yake ndi pa timaenjepo basi, sazulira ayi. Ndi mwala wa corundum, womwewo umapezeka ku Chimwadzulu ku Ntcheu, kungoti wakuchipatalawu ndi wopanga ku fakitale. Pa sikelo ya Mohs, yoyezera kulimba kwa miyala, uli pa 9, dayamondi ali pa 10, nde subuntha msanga ngati chitsulo olo timaenje tikhale tambirimbiri, ndipo umacheka mosalala. Ndi chida chabwino ndithu, ngakhale kulimba komweko kumapangitsa kuti uzibenthuka ukagunda penapake.

Koma ine chimandidetsa nkhawa ndi pozulapo, pomwe sapphire safikapo n'komwe. Tsitsi lathuli silipotana pamwamba pokha, ngakhale mkati mwa khungu muzu wake umapindika ngati mbedza, nde wozulayo akalowetsa kachitsulo molunjika ngati mmene amachitira ndi tsitsi lowongoka amaudula muzu pakati, ndipo pomwe wazula sipameranso, nkhongo ija imangotsala yoperepeseka. Musanalipire afunseni adokotalawo aonetse zithunzi za anthu a tsitsi ngati lanu omwe iwowo anawapanga opaleshoniyi.

Chinanso ndi ma keloid, zipsera zotupa zija. Ngati khutu linatupa mutaboola ndolo, kaya mumatuluka mabampu kunkhongo mukameta mpala, nenani msanga, dokotala wosamala amayamba wayesa pakamalo kakang'ono n'kudikira miyezi ingapo kapena amakukanizani kumene. Azimayi amene tsitsi latha m'mphepete chifukwa cha mesh yothina, yambani mwamasula kaye, likakhala lisanafe mizu limabwerera lokha kapena ndi mankhwala omeretsa tsitsi otchedwa minoxidil.

Bambo aja ndinawauzanso kuti tsitsi lowokeralo limathothoka pakatha masabata ochepa, asadzaganize kuti aberedwa, limayamba kumera mwezi wa 3 kapena wa 4 ndipo mutu umaoneka bwinobwino ikamakwana miyezi 12. Masiku oyambawo kofia yothina ayi, kusambira m'nyanja adikire pafupifupi mwezi, ndipo dzuwa la kunoli asalilole kuwomba pabalapo, akamapita kumsika atenge ambulera.