Lukina akakana, yesani sitailo

Alimi a ng'ombe za mkaka ku Thyolo ndi Mulanje amandifunsa kawirikawiri kuti bwanji lukina wawo amangokhala wachikasu, wopinimbira, pomwe kwina amachita kuthithikana. Ambiri amakayikira mbewu. Ine ndimayamba ndi dothi.

Kumene mvula imagwa yambiri, madzi amatsuka kashiyamu n'kutsika naye pansi, nthaka n'kutsala ya asidi. Muyeso wa pH, umene umatsika asidi akamachuluka m'dothi, ukatsika pansi pa 5.5, aluminiyamu wa m'dothi amasungunuka n'kuyamba kupha nsonga za mizu. Mukazula mtengo umodzi mudzaona nokha: mizu yaifupi, yonenepa, yosafika pachinyontho. Tiyi amakondwa ndi dothi loterolo, lukina ayi.

Laimu amachiza, n'zoona. Koma ndani angagule matumba onsewo chifukwa cha munda wa ziweto, chimanga chikudikira feteleza?

N'chifukwa chake ndimalangiza sitailo, amene dzina lake lonse ndi Stylosanthes guianensis. Ndi wa gulu la nyemba, kwawo ndi ku South America, ndipo amapirira ngakhale pH ili pa 4.5. M'mizu mwake mumamera timibulu tokola nayitirojeni wa mumpweya, choncho yureya musamutayirepo. Chimene amafuna ndi fosifeti pang'ono pobzala. Mukapeza mtundu wa CIAT 184, tengani umenewo, chifukwa umalimba ku anthracnose, matenda odetsa masamba ndi tsinde amene amagwira mtundu wakale wa Cook.

Pobzala ndi pamene ambiri amalakwitsa. Njere zake ndi zazing'ono ngati chitowe, ndipo khungu lake ndi lolimba, madzi salowa msanga. Zikhuleni pang'ono ndi sandipepala, musakanize ndi mchenga, muwaze m'mizere mvula ikakhazikika. Makilogalamu 3 kapena 4 akwana hekitala. Musakwirire ngati chimanga! Kadothi kosaposa sentimita imodzi, n'kupondapo ndi phazi, basi. Miyezi iwiri yoyamba amakula mwaulesi, ndiye mukachedwa kupalira udzu umumeza. Mthunzi nawo sagwirizana naye, musamupanikize pansi pa nsenjere.

Pomweta, siyani chitsa chotalika masentimita 20, chokhala ndi timasamba. Mukameta mpaka pansi, makamaka tsinde litakhwima, saphukanso. Wina mupatseni ng'ombe wosakaniza ndi nsenjere, wina muumitse pamthunzi kuti masamba asayoyoke, musunge wa mu Okutobala udzu ukauma. Mzere umodzi wa kumalire musaumwete mpaka njere zikhwime, poti sitailo amafooka pakatha zaka zingapo ndipo mbewu yake m'masitolo ndi yosowa.