Vavu ya kompulesa ikamataya mpweya, musathamangire kuitseka

Inu opopa matayala ndi openta magalimoto, chonde lekani kumanga vavu yotetezera thanki ndi waya. Ena mwafika poichotsa n'kutsekapo ndi bawuti, ati "imataya mpweya". Kavavu kamkuwa kokhala ndi mphete kaja ntchito yake ndi yomweyo, kutaya mpweya thanki isanang'ambike.

Ikatseguka, yambani mwayang'ana geji. Pa makompulesa ambiri ang'onoang'ono, mota imazima pa 8 bar (bar ndi muyeso wa pulesha) n'kuyakanso pa 6, ndipo vavu imatseguka pamwambako pang'ono, pa nambala yomwe inadindidwa pathupi pake. Ngati muvi wa geji wadutsa 8 mota ikungolirabe mpaka vavu kutseguka, vavuyo ilibe mlandu. Vuto lili mu swichi ya pulesha, yomwe imazimitsa ndi kuyatsa mota: mapointi ake, tizitsulo tolumikiza magetsi, apsa n'kumatana, kapena wina anamangitsa nati ya sipuling'i yake pofuna mpweya wamphamvu. Zulani pulagi, tulutsani mpweya wonse, ndiye mutsegule swichiyo. Mapointi omatana musachite kupala ndi sandipepa, adzamatananso. Gulani swichi ina.

Vavu ikamatseguka geji ili pa 5 kapena 6, mwina sipuling'i yake yatopa, mwina mwalowa zinyalala, komanso geji imanama, choncho ikanipo ina muyerekeze. Valani magalasi, thanki ili ndi mpweya, kokani mphete ija pang'ono n'kuisiya. Iyenera kutsekeka yokha nthawi yomweyo. Pakani madzi a sopo. Ngati ikuchitabe thovu mutakoka kawiri katatu, yatha. Siikonzedwa, ndipo mmisiri wokuuzani kuti aimasula akokeko sipuling'i, mubwezeni.

Ambiri mumasokonezanso ndi mpweya wotuluka pansi pa swichi mota ikangozima. Wa sekondi imodzi kapena awiri ndi wabwinobwino, ukupepuza pampu kuti idzayambe mosavuta. Ukapitirira osaleka, zulani pulagi, tulutsani mpweya wonse, ndiye mumasule vavu yoletsa mpweya kubwerera, yomwe ili pamene paipi ya ku pampu imalowera m'thanki. Muli kalabala ndi kasipuling'i, nthawi zambiri ndi tomwe tatha.

Koma vavu imene imandidetsa nkhawa ndi ija yosamvekako n'komwe. Mwini wake amaiyamikira kuti sivuta, chonsecho inagwira dzimbiri kalekale, mphete siikokeka. Thanki yake nayo sanaikhetseko madzi. Mpweya ukapanikizidwa umasiya madzi, madziwo amakhala pansi n'kumadya chitsulo kuchokera mkati, kunja penti ili phuliphuli. Pa 8 bar, kachigawo ka sentimita imodzi m'litali ndi m'lifupi kakukankhidwa ndi mphamvu ya makilogalamu pafupifupi 8. Tsiku lomwe swichi idzamatane, palibe choimitsa mota, ndipo thanki yodyeka imaphulika n'kumwaza zitsulo pomwe anyamata anu aima. Mukaona kabowo kakutuluka mpweya pansi pa thanki, musapite nayo kwa owotcherera. Pamene pabowokapo ndi pomwe payambira chabe, mozungulira monsemo mwapyapyala kale. Thankiyo itayeni.

Pogula vavu yatsopano, tengani yakale ija kusitolo. Nambala yake isapose yomwe inalembedwa pa kachitsulo ka pa thanki, yosonyeza pulesha yomwe thankiyo ingapirire, komanso ikhale pamwamba pa pomwe mota imazimira, apo ayi izingotseguka. Mazinga ambiri ndi a 1/4 inchi, koma onetsetsani. Tepi yoyera ya pa mazinga ikulungeni kawiri kapena katatu, zinga loyamba mulisiye, chifukwa kachidutswa ka tepi kakalowa mkati, vavu yatsopanoyo iyamba kutaya mpweya tsiku lomwelo.