Mwakwera levulo, mapointi muwaika pati?

Anthu amene angoyamba kumene magemu a RPG, amene mumasewera ngati munthu wa m'nkhani n'kumamukulitsa levulo ndi levulo, amandifunsa funso limodzimodzi: gemu yandipatsa mapointi, ndiwaike pati? Ambiri akasowa wowayankha amangogawa mofanana, pang'ono ku mphamvu, pang'ono ku nzeru, pang'ono ku changu, ngati mayi akugawira ana ndiwo. Kunyumba chimenecho ndi chilungamo. M'gemu, munthu womangidwa chonchi amafika pakati pa ulendo lupanga lalikulu likumukanika kunyamula, matsenga ake ali ofooka, mdani akangomumenya kawiri wagwa. Paja ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Manambalawa anayambira patebulo. Mu Dungeons & Dragons, imene Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa mu 1974, wosewera ankaponya madayisi atatu pa mbali iliyonse ya munthu wake, monga mphamvu kapena nzeru, n'kupeza nambala ya pakati pa 3 ndi 18. Zimene madayisi akupatsa zinali zomwezo. Magemu ambiri a pa kompyuta anasiya madayisiwo n'kukupatsani mapointi m'manja kuti mugawe nokha, ndipo apa ndi pamene mutu umayambira kuwawa.

Chimene ife okonza manambala a magemu timadziwa, koma gemu siikuuzani poyera, n'chakuti pointi imodzi siigula zofanana paliponse. Mu Baldur's Gate 3 mumayamba ndi mapointi 27, ndipo mbali iliyonse mutha kuikweza kuchoka pa 8 kufika pa 15. Kuchoka pa 13 kupita pa 14 mumalipira mapointi awiri, kuchoka pa 14 kupita pa 15 awirinso. Koma bonasi imene imawonjezeredwa pa dayisi imakwera pa 12, 14, 16, motero 14 ndi 15 zonse zimapereka +2. Mukasiya nambala pa 15 mulibe pointi ina yodzaifikitsa pa 16, bonasi yanu siinasunthe ngakhale pang'ono.

Elden Ring, gemu ya kampani ya FromSoftware ya 2022, imaonetsa zimenezi bwino koposa. Vigor ndi mbali imene imachulukitsa moyo wa munthu wanu. Ikakhala pa 40, moyo umakhala 1450. Pa 60 umafika 1900. Pa 99, pamene ndi pothera, umangofika 2100. Werengerani nokha: mapointi 20 oyambawo akugulirani moyo 450, pamene mapointi 39 otsatirawo akugulirani 200 yokha, chikhalirecho levulo iliyonse ikudula kuposa yam'mbuyo. N'chifukwa chake osewera akale amaima pa 60 n'kutembenukira kwina.

Komabe ongoyamba kumene salakwitsa chifukwa chopitirira 60. Iwo amasiya Vigor ili pansi n'kumathira zonse ku Strength (mphamvu), kufuna kumenya kwambiri. Chonsecho kumayambiriro kwa gemuyi ukali wa chida umachokera makamaka pa kuchikweza kwa wosula ndi miyala ya Smithing Stone. Langizo langa n'lakuti ikani ku Strength kapena Dexterity (changu) zongokwanira kuti chida chimene mwachikonda chigwirike, zotsalazo zipite ku moyo. Ndipo musaiwale kuti mukagwira chida ndi manja awiri, gemu imawerenga Strength yanu ngati yawonjezekera ndi theka, ndiye chida chofuna 30 mutha kuchigwiritsa ntchito muli ndi 20.

Nzeru imeneyi si yatsopano. Osewera Diablo II, ya mu 2000, ankalandira mapointi asanu pa levulo iliyonse, ndipo ambiri anafika pogwirizana chimodzi: Strength yongokwanira zovala zankhondo, pafupifupi zonse zotsala ku Vitality (moyo), Energy (mphamvu ya matsenga) osaikhudza n'komwe. Kunena zoona, ngati mbali imodzi aliyense akuilambalala, wolakwa ndi wokonza gemuyo.

Sindikunena kuti nambala yotsika ndi tsoka nthawi zonse. Mu Fallout ya 1997, mukaika Intelligence (nzeru) pansi pa 4, munthu wanu amalephera kulankhula zomveka, ndipo anthu a m'gemumo amamuyankha ngati chitsiru, ena momunyoza, ena momumvera chisoni. Pali osewera amene amachita dala zimenezi kuti aone nkhaniyo mwa mtundu wina. Kusiyana kwake n'kwakuti iwowa adziwa chimene akudzimana.

Musanayambe kugawa, fufuzani ngati gemu yanu imalola kubweza mapointi. Mu Baldur's Gate 3, munthu wina wa m'gemumo dzina lake Withers amakubwezerani onse pa ndalama zagolide 100, choncho yesani zilizonse mopanda mantha. Mu Elden Ring muyenera kugonjetsa kaye mdani wamkulu dzina lake Rennala, kenako kumupatsa chinthu chotchedwa Larval Tear nthawi iliyonse imene mukufuna kusintha, ndipo zinthu zimenezi n'zowerengeka. Diablo II inakhala zaka pafupifupi khumi yopanda mwayi umenewu, mpaka 2010, ndipo amene walakwitsa ankangoyambanso pa levulo 1.