Chinkhwe cha ku Mauritius chimene Adatchi ankachitcha khwangwala

Aliyense akamva za chilumba cha Mauritius amakumbukira mbalame ya dodo. Koma m'dambo la Mare aux Songes, momwe anafukula mafupa a dodo mu 1865, munatulukanso fupa la nsagwada ya mbalame ina. Katswiri wa sayansi ya zinyama Richard Owen wa ku London ataliyang'anitsitsa, mu 1866 anati ndi la chinkhwe chachikulu chomwe sichinalembedwepo m'mabuku a sayansi. Pa nthawiyo n'kuti chitatha zaka pafupifupi 200 chisanaonekenso.

Adatchi (anthu a ku Netherlands), omwe anafika pachilumbachi mu 1598, ankatchula za "akhwangwala a ku India". Palibe ankaganiza kuti akhwangwalawo ndi zinkhwe, mpaka mu 1868 pamene katswiri wa mbalame Hermann Schlegel anapeza chojambula cha mu 1601 m'buku la ulendo la sitima ya Gelderland. Chojambulacho chikuonetsa chimbalame chamutu waukulu, mlomo wonenepa, ndi nthenga zoimirira pamphumi. Fupa la nsagwada lija ndi chithunzichi zinagwirizana, ndipo mu 1875 katswiri wina, Alfred Newton, anaika mbalameyi mumtundu wakewake, Lophopsittacus. Yaimuna inkafika masentimita 55 mpaka 65, yaikazi inali yocheperapo.

Mikangano inayambira pamenepo. Ena anati mbalameyi sinkauluka, ena n'kumati mafupa akusonyeza kuti inkauluka ndithu, kungoti mofooka. Za mlomo nazonso: mu 1971 D. T. Holyoak anati nsagwada yake inali yosalimba, choncho inkadya zipatso zofewa. Ine mfundo imeneyi siindigwira mtima, chifukwa zinkhwe zina za ku South America zili ndi nsagwada yopangidwa chimodzimodzi koma zimaswa mtedza wa kanjedza wolimba gwa! Mtundu wa nthenga ndiye usanene. Kwa zaka zambiri ojambula ankaipaka buluu thupi lonse, pomwe Johann Christian Hoffmann, amene anaiona ndi maso cha m'ma 1673 mpaka 1675, analemba za mbalame zofiira zamutu wabuluu.

Johannes Pretorius, amene anakhala pachilumbachi kuyambira 1666 mpaka 1669, anati mbalameyi inali yaukali, ndipo ukaitsekera inkakana chakudya.

Pambuyo pa Hoffmann palibenso anaitchula. Nkhalango zinkagwetsedwa, ndipo sitima zinali zitabweretsa makoswe, amphaka ndi apusi, zilombo zomwe sizivutika kupeza mazira ndi anapiye m'mphako. Pofika cha m'ma 1680, chinkhwechi chinali chitatheratu.